Ma notification 30,000 pa tsiku koma tracker yazima ku Tete inu osadziwa, vuto lili pa kasefedwe

Funso la sabata ino lachokera kwa achimwene ena aku Rosettenville, ndalifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndimagwira ntchito pa kakampani kena ku City Deep, timayang'anira ma tracker 140 omwe ali m'mathiraki ndi ma trailer onyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Amene amatigulitsa ma SIM anatipatsa API ya ma event a netiweki, nde ine ndinangopanga subscribe zonse zomwe ndinaziona pa mndandanda. Pano tikulandira ma notification oposa 30,000 pa tsiku, seva ikumangokomoka, koma sabata yatha tracker ina itazima ku Tete sitinadziwe mpaka dalaivala anachita kuimba yekha mawa lake. Abwana akutinso tiwonjezere mafoni a madalaivala. Ndipange bwanji?"

Zikomo achimwene pofunsa, ndipo musadzione ngati mwalakwitsa chachilendo, ambiri amene amayamba kugwira ma API amenewa, njira zimene pulogalamu yanu imalankhulira ndi makina a kampani ina, amayamba chonchi. Ine ntchito ya core network, makina a pakati penipeni pa netiweki ya mafoni, ndaigwira zaka zambiri kuno ndipo chimene ndikufuna mutenge pa zonse ndilembe apa ndi chimodzi. Amayi kumudzi akapuntha mpunga sathira m'thumba ndi mankhusu omwe nkukwera nawo minibasi kuti akapetere ku tauni ayi, amapeta pomwepo pa bwalo, chimene chimakwera galimoto ndi mpunga wokhawokha. Inu mukunyamula mankhusu. Netiweki ili nalo kale lichero, mukungofunika kuiuza kuti ipete bwanji isanatumize kalikonse kwa inu.

Kwa ena amene mukuwerenga, subscription tikunena pano si ija imakudyerani airtime usiku inu osadziwa kuti munalembetsa liti. Iyi ndi ina. Foni kapena tracker iliyonse ikakhala pa netiweki, pali makina mkati mwa kampani ya mafoni amene amaisunga m'kaundula. Pa 4G amene amayang'anira kayendedwe kake ndi MME, pa 5G ndi AMF, ndipo kaundula wamkulu wa SIM amakhala ku HSS kapena UDM. Makina amenewa amaona SIM ikalowa pa netiweki, ikasintha dera, ikaoloka malire, ikasowa, ikachotsedwa mu chipangizo china nkuikidwa mu china, ndipo chilichonse mwa zochitika zimenezi ndi chimene amachitcha event. Anthu akunja ngati inu simuloledwa kulankhula ndi makinawa mwachindunji, mumadzera pa chipata. Pa 4G chipatacho ndi SCEF chomwe bungwe lolemba malamulo a ma netiweki a mafoni la 3GPP linabweretsa mu Release 13, pa 5G ndi NEF chomwe chinabwera ndi Release 15. Inu mumatumiza POST, pempho lolembetsa, kunena kuti izi zikachitika mundiuze pa adiresi yakuti, chipata chimayankha 201 Created nkukupatsani adiresi ya subscription yanuyo, basi kuyambira pamenepo netiweki ndi imene imakugogoderani. Malamulo ake ali mu TS 29.122 kwa 4G ndi TS 29.522 kwa 5G, ndipo amapezeka ulele pa intaneti. Amene amakugulitsani ma SIM mwina anaveka API yawo chovala china ndi mayina ena, koma pansi pake mupeza zomwezi.

Tisanafike pa lichero penipeni, pali chinthu chimodzi ndikukayikira ndipo ndikufuna muchione kaye. 30,000 kugawa kwa 140 ndi pafupifupi 214 pa tracker iliyonse pa tsiku, ndipo ma trailer ena amangokhala pa yadi masiku angapo osasuntha, nde nambala imeneyi yandikulira. Tumizani GET, pempho lofunsa zomwe zilipo, pa mndandanda wa ma subscription anu muwerenge kuti alipo angati. Zinandichitikirapo pa kampani ina yomwe ndinkaithandiza, pulogalamu yawo inkapanga subscription yatsopano nthawi iliyonse seva ikadzuka koma yakale osaifufuta, ndiye nthawi ya load shedding magetsi akathima nkuyakanso kangapo pa tsiku ma subscription ankangounjikana, event imodzi nkumabwera kambirimbiri. Anthu anali atayamba kale kukamba zogula seva yaikulu. Inu mwanena kuti seva yanu ikumakomoka, ndipo ngati ikadzuka imapanganso POST ndiye kuti kukomoka kulikonse kukuwonjezera katundu amene adzaikomolenso mawa. Sungani adiresi imene mwapatsidwa pa 201 ija mu database, seva ikadzuka iyambe yafunsa kuti zomwe ndinalembetsa zilipobe, ndipo zakale zonse muzipange DELETE.

Tsopano lichero. Funso loyamba limene netiweki imafuna muyankhe ndi lakuti mukufuna kumva za ndani. Mutha kutchula SIM imodzi ndi msisdn, yomwe ndi nambala yake ya foni, kapena externalId, dzina limene inapatsidwa, kapena gulu lonse ndi externalGroupId. Mkati mwa 5G mulinso yoti anyUE kutanthauza aliyense, koma imeneyo ndi ya eni netiweki okha pa ntchito zawo zowerengera, inu sadzakupatsani ndipo nkoyenera kuti asakupatseni. Malangizo anga apa ndi oti musaike onse 140 mu gulu limodzi. Thiraki imene ili pa msewu ndi katundu wa anthu ndi trailer imene yaima pa yadi ku City Deep kudikira matayala sizifuna maso ofanana. Pemphani magulu awiri kapena atatu, kapena muzipanga subscription ya ulendo umodzi umodzi, thiraki ikamanyamuka mwatsegula, ikabwerako mwatseka.

Funso lachiwiri ndi lakuti mukufuna kumva chiyani, ndipo apa ndi pamene pakuchokera mankhusu ambiri. Ndikutsimikiza kuti gawo lalikulu la 30,000 yanuyo ndi LOCATION_REPORTING. Event imeneyi ili ndi kachinthu kotchedwa accuracy, mukaika CGI_ECGI ndiye kuti mwauza netiweki kuti tracker ikangosintha cell, kadera kamene mbali imodzi ya nsanja ya netiweki imafikira, indiuze. Taganizani thiraki ikutuluka ku City Deep kulowa M2, kukwera M1 kudutsa Sandton, kenako N1 kudutsa Midrand mpaka Pretoria. Nsanja za netiweki m'dera limeneli zathithikana ngati nyumba za ku Ndirande, ndipo nsanja imodzi imakhala ndi ma cell angapo, ndiye pa mtunda wochepa chabe tracker yasintha kambirimbiri ndipo kusintha kulikonse ndi notification. Ngakhale trailer yoima pamalo amodzi imatha kumadumphadumpha pakati pa ma cell awiri oyandikana, makamaka nsanja ina ikazima chifukwa cha magetsi. Mukasintha accuracy kukhala ENODEB mumamva pokhapokha yasamukira ku base station ina, kunena kuti nsanja ina, mukaika TA_RA mumamva ikasintha tracking area lomwe ndi dera lalikulu la ma cell ambiri pamodzi, mukaika PLMN mumamva ikasintha netiweki yonse. Palinso minimumReportInterval yomwe imati ngakhale zisinthe bwanji usandiuze kawiri nthawi yakuti isanakwane. Tiwerenge limodzi, mukati kamodzi pa mphindi 15 ndiye kuti sizingapose 96 pa tsiku pa tracker, kwa 140 ndi 13,440, zikadali zambiri. Mukati kamodzi pa ola ndi 24, kwa onse 3,360.

Koma ine ndikufunseni, malo a thiraki mukuwafuniranji kwa netiweki? Tracker yanu ili ndi GPS, imakuuzani malo enieni mpaka mbali ya msewu imene galimoto yaima. Netiweki imangodziwa cell, ndipo cell ya kutchire pakati pa Polokwane ndi Musina ndi yotakata kwambiri kusiyana ndi ya mu Hillbrow. Komanso pali china chimene ambiri sachidziwa. Chipangizo chikakhala idle, kutanthauza kuti sichikutumiza kalikonse, netiweki siidziwa cell imene chili, imangodziwa mndandanda wa ma tracking area amene inachipatsa, ndipo chimatha kuyendayenda mkati mwa mndandandawo osanena kanthu. Anachita kupanga dala chonchi kuti batire isathe komanso netiweki isadzadze ndi mauthenga opanda ntchito. Ndiye location ya netiweki imakupatsani phokoso lambiri tracker ikamatumiza data, nthawi imene GPS ikukuuzani kale zonse, kenako imakhala chete nthawi imene tracker yagona. Kwa ine yankho ndi losavuta, malo muzitenga kwa GPS, netiweki muziifunsa zokhazo zimene tracker singathe kunena yokha. Location ya netiweki muisunge ngati ya pangozi, GPS ikasiya kugwira kapena wina akaitchinga, pamenepo mutumize pempho la kamodzi kokha, maximumNumberOfReports kuika 1, ikupatseni malo amene ili kapena amene inaonekera komaliza.

Ngati chimene abwana akufuna ndi kudziwa kuti thiraki yatuluka pa yadi kapena yafika pa boda, imeneyo ndi nkhani ya dera osati ya kalondolondo. Mu 5G core muli event ya PRESENCE_IN_AOI_REPORT, mumaipatsa dera ngati mndandanda wa ma tracking area kapena ma cell, iyo imangokuuzani IN_AREA, OUT_OF_AREA kapena UNKNOWN zikasintha. Ma notification awiri m'malo mwa mazana. Funsani ngati akupatsani, chifukwa ma tracker ambiri amayendabe pa 2G kapena 4G, ndipo ngakhale Vodacom ndi MTN anayatsa 5G mu 2020, 5G yoyambirira m'mayiko ambiri inkayenda pamwamba pa core ya 4G, nde kuona chizindikiro cha 5G pa foni sikutanthauza kuti ma event a AMF alipo. Ngati palibe, mpanda womwewo mutha kuumanga pa seva yanu ndi GPS.

Zimene tracker singanene yokha ndi ziti? Kwa ntchito yanuyi ndikuona zitatu, ndipo sizolemera mofanana.

Yosavuta ndi CHANGE_OF_IMSI_IMEI_ASSOCIATION. Imakuuzani SIM ikachotsedwa mu tracker nkuikidwa mu chipangizo china, kaya ndi wakuba kaya ndi munthu amene waona kuti SIM ya kampani ili ndi data ya roaming nkufuna kuonera mpira. Event imeneyi imabwera mwa apo ndi apo ndipo ikabwera ndi nkhani. Kasefa kake ndi associationType, muike IMEI, nambala ya chipangizo chenichenicho. Mukaika IMEISV, yomwe ili ndi manambala 16 m'malo mwa 15 chifukwa imanyamulanso version ya software, tsiku limene mudzapange update ma tracker onse mutha kudzalandira ma alamu 140 akuti ma SIM abedwa pomwe palibe amene wagwira kanthu.

Yachiwiri ndi ROAMING_STATUS. Msewu wanu ndi N1 mpaka Beitbridge, kudutsa Harare mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique, Tete, Zobue kenako Mwanza, kapena kukhotera ku Dedza kwa opita ku Lilongwe. Maboda atatu popita, atatu pobwera. Chenjerani ndi plmnIndication. Mukaisiya osaiyatsa netiweki imangoti roaming kapena ayi, ndiye mumva kamodzi pa Beitbridge kenako zii mpaka thiraki idzabwerere, chifukwa kuchoka Zimbabwe kulowa Mozambique kwa iyo ndi roaming yomweyo. Mukaiyatsa, ndipo ngati eni netiweki alola, imakupatsani nambala ya netiweki imene SIM yalowa, ndipo manambala atatu oyamba ndi a dziko: 655 South Africa, 648 Zimbabwe, 643 Mozambique, 650 Malawi, 645 Zambia ngati ena amadzera kumeneko. Apa muona kuti kusefa sikutanthauza kuchepetsa kokha, nthawi zina ndi kuyatsa kachinthu kamene kakupatsani yankho la funso lanu lenileni. Makasitomala anu, amayi amene atumiza mafiriji ndi zimbale za zovala kumudzi, chimene amafunsa pa WhatsApp ndi chakuti katundu waoloka kapena ayi, ndipo event imeneyi ikuyankha chomwecho.

Vuto lake ndi limodzi, mafunde a netiweki sadinditsa pasipoti. Thiraki ikaima pa mzere ku Beitbridge tsiku lonse, SIM imatha kugwira netiweki ya ku Zimbabwe ikadali mbali ya kuno, nkubwerera, nkugwiranso. Lichero la netiweki silingakuthandizeni pamenepa chifukwa kwa iyo kusintha kulikonse ndi koona. Kameneka mupete nokha pa seva, mwachitsanzo osalengeza kuti yaoloka mpaka itakhazikika pa netiweki yatsopano kwa mphindi 15 kapena 20, kapena mpaka GPS ivomereze.

Yachitatu ndi imene yakupwetekani, LOSS_OF_CONNECTIVITY, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu amayembekezera zimene netiweki siinalonjeze. Tracker ikazima mwaulemu imatsanzika, imatumiza detach, ndipo netiweki imadziwa pompo. Koma wina akadula waya, kapena batire ikatha mwadzidzidzi, kapena galimoto ikalowa malo opanda netiweki, palibe kutsanzika. Netiweki imangodikira. Pa 4G chipangizo chilichonse chimayenera kudzaonekera nthawi ndi nthawi ngakhale chilibe chonena, wotchi yake ndi T3412 ndipo mwa malamulo a 3GPP ikapanda kusinthidwa imakhala mphindi 54, pa 5G ndi T3512 mphindi 54 zomwezo. Mbali ya netiweki kuli wotchi ina imene imaposa iyi ndi mphindi 4. Ndiye pafupifupi ola lathunthu litha kudutsa netiweki isananene kuti chipangizochi chasowa, ndipo kwa ma tracker osunga batire ndi PSM, njira yogonetsa chipangizo nthawi yaitali, wotchi imeneyi imatha kukhala maola ambiri kapena masiku. Pali maximumDetectionTime yomwe mungapemphe kuti ifupikitsidwe, koma dziwani mtengo wake, mukupempha kuti chipangizo chizidzuka pafupipafupi kudzaonekera, batire ya trailer yomwe siili pa injini ikutha msanga, ndipo eni netiweki amatha kukana kapena kukupatsani nambala ina yosiyana ndi imene mwapempha.

Tsono nkhani ya ku Tete ili ndi mbali ina yoposa pamenepa. Ma event awiri oyamba aja, a IMEI ndi a roaming, amaonedwa ndi HSS kapena UDM, kaundula wa kwawo kwa SIM, ndiye thiraki ipite kulikonse kaundulayo amakhala akudziwa. Koma kusowa pa netiweki ndi location amaziona ndi MME kapena AMF imene ikusamalira chipangizocho pa nthawiyo, ndipo thiraki ikakhala ku Tete imeneyo ndi ya kampani ya ku Mozambique. Kuti uthenga uchoke kumeneko kufika pa chipata cha kuno pamafunika kuti makina akumenekowo azitha kuchita monitoring imeneyi komanso mgwirizano wa roaming wa makampani awiriwo uzilola. Ndiye pali zotheka ziwiri, mwina notification inabwera nkumira mu 30,000 muja kapena inapeza seva itakomoka, mwina siinatumizidwe nkomwe. Kafufuzeni mu ma log a tsiku limenelo, ndipo muwalembere amene amakugulitsani ma SIM kuti akuyankheni molemba, event ndi event, dziko ndi dziko, ndi ziti zimagwira ntchito SIM ikakhala pa roaming, komanso ndi ziti zimagwira tracker ikagwera pa 2G. Musalole yankho la pakamwa loti zonse zimatheka.

Kaya ayankha zotani, ikani mlonda wanu pa seva. Mukudziwa kuti tracker imatumiza malo ake pakapita mphindi zakuti. Ikakhala chete kupyola katatu kapena kanayi ka nthawi imeneyo thiraki ili pa ulendo, seva ilize belu yokha. Ndi ntchito ya masana amodzi ndipo siidalira mgwirizano wa wina aliyense. Pamenepo event ya netiweki imakhala mboni yachiwiri, imakuthandizani kusiyanitsa tracker imene yafa ndi imene ikadali pa netiweki koma data yakana kudutsa, zomwe nthawi zambiri zimakhala nkhani ya APN, makonzedwe amene chipangizo chimalowera nawo pa data, kapena bundle ya roaming yatha. Onjezaninso UE_REACHABILITY ya kamodzi kokha pa tracker imene yasowayo, kuti ikangotulukira mumve pompo. Kumeneku ndiye kupanga subscribe kwanzeru, mumatsegula khutu pamene pali chifukwa, mukamva mumatseka.

Ndinatchula za magulu, ndibwererekonso pang'ono chifukwa cha magetsi. Nsanja ya pafupi ndi yadi yanu ikazima ma trailer onse oima pamenepo amasowa limodzi ndipo amabwerera limodzi. Pa subscription ya gulu pali groupReportGuardTime, netiweki imasonkhanitsa malipoti a mamembala kwa nthawi imene mwatchula nkuwatumiza mtolo umodzi. Kwa oima pa yadi ndi yabwino kwambiri. Kwa amene ali pa msewu musaike yaitali, chifukwa alamu ya SIM yobedwa idzakhala ikudikira anzake mu mtolo pamene thiraki ikutsitsidwa katundu kuseri kwa fakitale ina. Mukawerenga zolemba za 5G mupezanso sampling ratio, yoti netiweki izinena za gawo lochepa chabe la zipangizo, imeneyo anapangira owerengera ngati NWDAF, makina a 5G osanthula ziwerengero, amene akufuna chithunzi cha anthu zikwizikwi. Inu isiyeni, thiraki imene yasiyidwa kunja kwa sample ikhoza kukhala yomweyo yabedwa.

Subscription iliyonse iyenera kukhala ndi pothera, maximumNumberOfReports kapena monitorExpireTime, mukaika zonse ziwiri chimene chayamba kukwana ndi chimene chimaitseka. Pa gulu nambala ya malipoti imawerengedwa pa membala aliyense osati gulu lonse. Ndipo werengani yankho limene mwapatsidwa, osangoona 201 nkusangalala, chifukwa netiweki imatha kukupatsani tsiku lothera lapafupi kuposa limene munapempha. Subscription yotha siilira, imangokhala chete, ndipo chete ameneyo amafanana ndendende ndi chete wa zonse zili bwino. Ichinso chionjezeni pa zofufuza za ku Tete, mwina inali itatha kale.

Mbali ya seva yanu sindichedwapo. Notification ikafika yankhani 204, kutanthauza kuti mwailandira, msangamsanga, iponyeni mu queue, ntchito yolemba mu database ndi kutumiza ma SMS ichitike pambuyo. Mukachedwa kuyankha mbali inayo imatha kubwereza kutumiza, katundu nkuwonjezekanso. Muziyang'ana nthawi imene event inachitika osati imene yafika, chifukwa sizibwera pa mzere nthawi zonse.

Mwina API imene muli nayo ndi ya mtundu watsopano wa CAMARA, ntchito ya Linux Foundation ndi GSMA imene imayenda limodzi ndi Open Gateway yomwe inalengezedwa ku Barcelona mu February 2023. Kumeneko mayina ndi ofewa, adiresi yanu amaitcha sink, ma event mumasankha pa types, pothera ndi subscriptionExpireTime ndi subscriptionMaxEvents, ndipo initialEvent imakuuzani mmene zinthu zilili pa nthawi imene mukulembetsa kuti musayambe muli mu mdima. Geofencing yake ili ndi area-entered ndi area-left basi. Maganizo ake ndi omwewa ndafotokozawa.

Za mafoni a madalaivala, apa ndilankhula mosapsatira chifukwa zimandikhudza. Tracker ili mu galimoto ya kampani, foni ili m'thumba la munthu, amapita nayo ku tchalitchi, ku chipatala, kwa achibale ake ku Yeoville Lamlungu. Lamulo la POPIA la 2013, loteteza zinsinsi za anthu kuno ku South Africa, lomwe linayamba kuluma pa 1 July 2021, limatchula malo amene munthu ali ngati mbali ya personal information, ndipo limati zimene mukutolera zikhale zokwanira pa cholinga chimene mwanena, osapyola. Information Regulator, oyang'anira lamuloli, atha kulipiritsa mpaka R10 miliyoni. Ngakhale tracker ya mu thiraki imaulula kumene dalaivala ali, ndiye ayenera kuuzidwa momveka ndipo zikhale mu kontirakiti yake. Ambiri mwa madalaivala amenewa ndi abale athu omwe, ena amaopa kukana chilichonse chimene bwana wanena poopa kutaya ntchito, ndiye siginecha yawo pa pepala la Chingerezi lomwe sanawawerengere si chilolezo chenicheni kwa ine. Afunseni abwana kuti funso limene akufuna kuyankha ndi liti. Ngati ndi loti katundu ali kuti, tracker ikuyankha kale. Ngati ndi loti tracker ikafa tizimupeza bwanji dalaivala, mugulireni foni ya kampani ya pa ulendo, subscription yake iziyamba ponyamuka nkutha pofika, roaming status yokha ndi location ya kamodzi pangozi, ndipo mumufotokozere m'Chichewa kapena chilankhulo chimene amamva. Foni yake ya iye mwini isiyeni, ndipo sindikuyembekeza kuti eni netiweki angakutsegulireni popanda chilolezo cha mwini nambala.

Lolemba mukafika ku ofesi yambani ndi GET ija, werengani, fufutani zobwereza. Kenako tengani ma notification a tsiku limodzi muwagawe ndi monitoringType, kutanthauza mtundu wa event, muone kuti ndi iti ikudya malo, ndikukhulupirira mupeza location ili pamwamba kutalitali. Itsekeni pa ma tracker 10 okha kaye kwa sabata imodzi, musatseke IMEI, roaming yokhala ndi plmnIndication ndi loss of connectivity, muyatse mlonda wa pa seva uja, ndipo pa 10 amenewo pakhale awiri kapena atatu amene akuoloka Beitbridge sabata imeneyo kuti muone ndi maso anu zimene zikufika kuchokera ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Pa imodzi mwa izo mupemphe dalaivala adule magetsi a tracker dala kwa maola awiri akaima kupuma ku Tete, inu mutakhala pa kompyuta ndi wotchi m'manja. Mudzandilembere kuti belu loyamba linalira patapita mphindi zingati komanso linachokera kwa ndani, seva yanu kapena netiweki, ndipo kuchokera pamenepo tidzaona ngati maximumDetectionTime ili yoyenera kuigwira kapena kuisiya.